Loweruka la Buledi

Amuna anga samwa mowa. Ndiyambire pamenepa, chifukwa kwa zaka ziwiri mpingo wathu wonse kuno ku Mphamba unkanena kuti amamwa, ndipo munthu woyamba kuganiza zimenezi ndinali ine mkazi wawo.

Anali msilikali. Ndinakwatiwa nawo ali kale mu yunifolomu, ndipo zaka zambiri ndinakhala kumudzi kuno ndikulima mtedza iwo ali ku kampu. Kenaka anawatumiza kudziko lina lakutali, kukaima pakati pa anthu omenyana. Anabwerako ndi miyendo yonse ndi manja onse, opanda ndi chipsera chomwe, moti pabanja tinapha mbuzi. Za kumeneko sankakamba zambiri. Ukawafunsa ankangotchula fumbi, utsi wa zinthu zopsa umene unkatha masiku osachoka, mapiritsi amene ankamwa m'mawa uliwonse, ndi mankhwala opopera m'matenti. Atapuma ntchito anabwera kudzakhala kumudzi, mpingo n'kuwasankha kukhala mkulu wampingo, poti munthu wosunga nthawi ngati iwowo kunalibe.

Matenda anayamba mwakachetechete. Mutu unkawapweteka, ankaiwala pomwe aika khasu, ndipo akalima kwambiri lero, mawa lake ankangogona chigonere. Ine ndi pakamwa pangapa ndinkawaseka kuti usilikali unawazoloweza kudya za boma, khasu sakulidziwanso. Ku chipatala cha ku boma anawayeza malungo, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi zina zonse zimene amayeza, osapeza kanthu. Ankabwerako ndi mapiritsi a mutu m'kapepala.

Mpingo wathu umadya mgonero pakatha miyezi itatu iliyonse, ndipo uli ndi mwambo wake umene sindidziwa anauyambitsa ndani. Buledi wa mgonero sagula pa kantini yam'mudzi ayi. Ayenera kukhala wa ku boma, ku Lundazi, wophikidwa Loweruka lomwelo, ndipo wokagula akhale mkulu wampingo, osati mwana wongotumidwa. Amagulanso chakumwa chofiira chija timangochitcha vinyo, ngakhale sichingaledzeretse ndi nkhuku yomwe. Ntchito imeneyi inagwera amuna anga, poti njinga yabwino pa akulu onse inali yawo, komanso sankalola kuti wina aichite. Msewu wake ndi wamchenga, uli ndi zitunda ziwiri zoti ena amatsika n'kumakankha. Iwo sankatsika. Ankanyamuka m'mawa, n'kubwera dzuwa litapendeka, buledi ali m'katoni pa kaliyala, akuimba mluzu, ali bwinobwino.

Lamulungu m'mawa ndiye kunkadzuka munthu wina. Maso ofiira, lilime lolemera, miyendo ikupita kwayokwayo. Mabatani a malaya ankawamanga mosemphanitsa, munthu amene moyo wake wonse ankayang'ana mabatani a anzake. Koyamba ndinati malungo. Kachiwiri ndinati kutopa. Kachitatu ndinayamba kuwerenga ngati mmene mkazi aliyense akanawerengera: Loweruka ku boma, kumene kuli mabala a mowa ndi anzawo akale a ku kampu, Lamulungu kudzandira. Ndinkanunkhiza malaya awo ndisanawachape. Ndikagwada kuwapatsa madzi osamba m'manja, ndinkawerama kwambiri kuti ndimve mpweya wa m'kamwa mwawo. Fungo sindinalimvepo, koma anthu amati kunabwera mowa wina wa m'timabotolo umene sununkha.

Tsiku lina tikusenda mtedza pakhonde ndi mnzanga, mkazi wa mlembi wa bwalo la akulu ampingo, ndinatsegula pakamwa. Ndinati, "Anzanga, adada awa nikuwakayikila. Akapita ku boma sabwela bwino." Ndinamupempha kuti zikhale za awiri. Anavomera, n'kupitiriza kusenda. Sindimuda mpaka lero, chifukwa mawuwo anatuluka m'kamwa mwanga, osati mwake, ndipo madzi akatayika saoleka.

Mgonero wotsatira unali wa nthawi yokolola, tchalitchi chitadzaza mpaka ena kukhala pa mawindo. Amuna anga ananyamula thireyi ya timakapu kuchoka pa tebulo. Anayenda masitepe anayi, lachisanu mwendo unakana. Thireyi inapendeka, timakapu n'kumwazika pa simenti, vinyo n'kuthira nsalu za amayi a benchi yoyamba. Anafuna kupepesa, koma mawu anatuluka okokakoka ngati a munthu wochokera ku kachasu. Ndinayang'ana mnzanga uja, iye n'kuyang'ana mwamuna wake, ndipo ndinadziwa kuti nkhani inafika kale.

Bwalo linawaitana. Anakana mlanduwo, koma poti aliyense anadzionera ndi maso ake, anawalanda khadi la mgonero n'kuwaika pa chilango. Amene sali wa mpingo wathu angaganize kuti ndi nkhani ya kachidutswa ka buledi chabe. Si choncho. Munthu akafa ali pa chilango, abusa sabwera pamaliro ake, kwaya siimba, amayi savala zoyera zawo. Amaikidwa ndi abale okha, mwakachetechete. Ndipo pa zonse za kunkhondo kuja, chinthu chimodzi chokha chimene amuna anga anandiuzapo mwatsatanetsatane ndi dzenje lina limene anathandiza kukwiriramo anthu ambiri nthawi imodzi, popanda ndi mmodzi yemwe woyambitsa nyimbo. Anati fosholo zokha ndi zimene zinkamveka. Imfa sankaiopa, koma maliro opanda nyimbo ankawaopa kwambiri, ndipo thupi lawo linali likutha ndikuona.

Amlembi, amene ndi mphunzitsi wopuma, munthu wowerenga malamulo a mpingo ngati mmene ena amawerengera Masalimo, anabwera kunyumba ndi mtima wabwino ndithu. Anati, "Adada, nkhani iyi ni yapafupi. Vomelani chabe pamaso pa madoda kuti munaphonya. Miyezi ingapo mu kalasi ya olapa, khadi libwela."

Amuna anga anayankha kuti, "Yewo, amlembi. Koma kuti niname pamaso pa Mulungu kuti nilowe m'nyumba ya Mulungu, yayi. Sininamwe."

Tchalitchi sanasiye. Ankapukuta nsapato mpaka kuwala, n'kukakhala pa benchi yakumbuyo, ya anthu a chilango, pakati pa mtsikana amene anatenga mimba ndi bambo wina wamitala. Nthawi ya mgonero ikakwana, a chilango amatuluka. Iwo ankakaima pansi pa mtengo wa mango, manja ali m'mbali, msana uli chilili, mpaka nyimbo yomaliza. Buledi anayamba kukagula mkulu wina, ndipo amuna anga sanadzandirenso Lamulungu. Anthu anati taonani, chilango chagwira ntchito, munthu wasiya mowa. Ine ndinakhulupirira nawo, ndipo usiku ndinkathokoza Mulungu kuti wawaleketsa. Ndikakumbukira mapemphero amenewo ndimachita manyazi mpaka kumva kutentha m'makutu.

M'chaka chachiwiri cha chilango, mnzawo wina wa ku Chipata amene anali naye kudziko kuja anaimba foni. Anati ku Lusaka kuli madokotala ofufuza amene akufuna asilikali akale odwala matenda osapezeka, kuti awajambule ubongo ndi makina. Amuna anga anakana, ati sakufuna kukhala mbuzi yophunzirira mpeni. Ine ndi amene ndinakakamira, koma ndisadzitame: mumtima ndinkati mwina makinawo akaonetsa zimene mowa unawononga, kuti ndidziwe zoona. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinasiya mbuzi m'manja mwa mlamu wanga, tinakwera basi, n'kuyenda tsiku lathunthu.

Kumeneko tinapeza asilikali akale ena, ambiri ali ndi akazi awo. Dokotala wake anali mayi wamng'ono kwa ine, wolankhula mofulumira ngati anthu a ku Lusaka. Tsiku loyamba anawavula chilichonse chachitsulo, lamba, wotchi, mphete, n'kuwafunsa kawiri konse ngati m'thupi mulibe kachidutswa ka chipolopolo. Anawagoneka pa kabedi kopapatiza, mutu n'kuutsekera m'kachikhola, kabediko n'kulowa m'bowo la chimakina choyera. Ine ndinali kuseri kwa galasi, ndikungoona mapazi. Anakhalamo nthawi yaitali osagwedezeka. Atatuluka ndinawafunsa ngati phokoso la makinawo silinawakumbutse mfuti. Anati ayi, likumveka ngati chigayo cha pa Mphamba chikasowa mafuta.

Kenaka anatitengera m'chipinda china, ndipo m'menemo munali njinga. Njinga yopanda matayala, yokhomerera pansi, yoyang'ana khoma. Amuna anga anaizungulira, n'kufunsa dokotala kuti, "Manje iyi ifika kuti?" Dokotala anati siifika kulikonse, angopalasa mpaka atope. Anawamanga zingwe pachifuwa ndi chinthu pakamwa, iwo n'kuyamba kupalasa. Munthu wa ku Lundazi umuuze kupalasa! Anapalasa mpaka mnyamata wogwira makinawo kutcheukira dokotala. Atatsika anapukuta thukuta n'kunena kuti akanakhala pamsewu bwenzi atadutsa zitunda zonse ziwiri. Tinabwerera kumene tinkagona akuseka. Tinadya limodzi, sanachoke pamaso panga ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo chimene anamwa ndi tiyi.

Kutacha, ndinaona munthu wa Lamulungu uja. Maso ofiira, lilime lolemera, mabatani osemphana. Ndinawagwira dzanja mpaka kuchipatala kuti akalowenso m'makina, poti ofufuzawo ankafuna kujambula tsiku lotsatira njinga. M'khonde la chipatala ndinapezamo mkazi wina wa kumpoto akukoka mwamuna wake chimodzimodzi. Tinangoyang'anana.

Dokotala anandiitanira pambali n'kundifunsa kuti, "Amai, kunyumba akasewenza maningi, vimabwela siku yamene iyo, kapena mailo yake?"

Mailo yake, ndiko kuti mawa lake. Ndinaima pamenepo n'kuyamba kuwerenga masabata a mgonero mmodzimmodzi, kubwerera m'mbuyo, mpaka pa thireyi ija. Ndinawerenganso masiku amene ankagona chigonere atalima dzulo lake, amene ine ndinkawatcha ulesi. Ndinaona kuti chimene chinkawadzandiritsa ndi zitunda ziwiri zija ndi mchenga uja, ulendo wokagula buledi wa mpingo womwewo umene unawachotsa. Ndinakhala pansi penipeni, pa simenti ya chipatala, nsalu yanga yatsopano ndili chivalire. Dokotala anaganiza kuti ndadwala. Ndinangoti, "Mailo yake."

Tisananyamuke ndinamupempha kalata yonena dzina la matendawo, komanso yonena kuti amuna anga si chidakwa. Anakana. Anati dzina alibe, ndi chifukwa chake akufufuza. Anati chithunzi cha mutu umodzi sichinena kanthu pachokha, ayenera kuyerekeza mitu yambiri, zimenezo zitenga zaka, ndipo mwina sadzapeza chilichonse. Ndinamulankhula mawu amene sindingalembe pano. Ndinati tachoka ku Lundazi konse, mwamuna mwamudwalitsa dala, ndiye mutibweze chimanjamanja? Anandisiya ndithe, kenaka anati kunama papepala sangathe, ngakhale kumunamira munthu wabwino. Apo ndinatseka pakamwa, chifukwa mawu amenewo ndinali nditawamvapo kunyumba kwanga. Anatipatsa kalata yongonena kuti analowa nawo m'kafukufuku, ndi pepala la zithunzi zotuwa, ubongo wodulidwadulidwa, chilichonse chooneka ngati nthanga ya mtedza woswa pakati.

Titafika kumudzi amuna anga anagona sabata yathunthu ndi masiku. Atadzuka ndinapempha kuti bwalo litimvenso. Tinakumana Lachinayi masana m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, akulu ali pa mipando, abusa pakati, ine pamphasa pafupi ndi chitseko monga mwa mwambo. Pepala la zithunzi linayenda m'manja mwa onse. Mkulu wina, mwini ng'ombe zambiri, analigwira chozondoka, n'kugwedeza mutu ngati waona zoopsa. Amlembi anavala magalasi, n'kuwerenga kalata yachingerezi ija kawiri, n'kuitanthauzira mawu ndi mawu.

Anati, "Amama, pepala ili likamba kuti anapita ku Lusaka. Ivo tidziwa. Silikamba kuti samwa."

Ndinafotokoza za njinga yosayenda ija, ndi zimene zinachitika mawa lake. Amlembi anamvetsera mwaulemu, n'kunena kuti mkazi saperekera mwamuna wake umboni, ndipo ku Lusaka iwo kunalibe. Sanali kunama. Koma mutu wanga unatentha, ndinadzuka pamphasa paja n'kuima, chinthu chimene mkazi sachita pabwalo limenelo.

Ndinati, "Ku Lusaka kunalibe imwe, nadi. Koma ku boma njila muidziwa. Mgonelo uli pafupi. Pa Chiweru apalase kukatenga buledi, imwe amlembi mupalase nawo. Muwaone chamene adya, chamene amwa, agone kunyumba kwanu, chitseko mukhome. Pa Sabata mudzatiuze mweka chamene mwaona. Kandimvelele anakanena za m'maluwa."

Mawuwo atangotuluka ndinafuna kuwameza. Ndinali nditangoona mmene njinga ya ku Lusaka inawagonekera, ndipo msewu wathu ndi woipa kuposa pamenepo. Ndinatembenuka kuti ndibweze, koma amuna anga anali atakweza kale dzanja.

Anati, "Amama akamba bwino. Nizapita."

Abusa anayang'ana amlembi. Amlembi anatsegula buku la malamulo, n'kulitseka, n'kunena kuti munthu wa chilango sangagwire buledi wa mgonero. Amuna anga anati palibe kanthu, buledi anyamule amlembi, iwo angopalasa. Mwini ng'ombe uja anasankhidwa kukhala mboni yachiwiri, ndipo nkhope yake inagwa, poti iyeyo ku boma amapita pa minibasi.

Masiku otsatira tinakangana kwambiri. Ndinawabisira pampu ya njinga. Ndinawauza kuti ndikapepesa kwa madoda, kuti nyimbo ndidzawaimbira ndekha pamanda ngakhale mpingo wonse ukane, mawu ndili nawo. Anaseka n'kunena kuti mawu anga amawadziwa, ndi othamangitsira mbuzi m'munda. Kenaka anasiya kuseka. Anati zaka ziwiri aima pansi pa mango ngati wakuba, ana a Sande sukulu akuwatsanzira kayendedwe kumbuyo, ndipo sakufuna kufa dzina lawo lili choncho. Pampu ndinakaitulutsa m'nkhokwe.

Loweruka lija ananyamuka atatu dzuwa litangotuluka. Ine sanandilole ngakhale kuwapatsa kamba wa panjira, kuti pasakhale chonamizira. Zapamsewu ndinazimva kwa amlembi omwe patapita nthawi. Pa chitunda choyamba mwini ng'ombe anatsika n'kukankha, pa chachiwiri anatsika onse awiri, amuna anga n'kukawadikira pamwamba. Ku boma anadya mbatata yokazinga ndi madzi a pampopi. Amlembi anawatsatira mpaka pakhomo pa chimbudzi. Madzulo ndinawaona akudutsa pamsewu kulowera kwa amlembi, kumene kuli pafupi ndi tchalitchi. Amuna anga anali patsogolo akuimba mluzu, anandikwezera dzanja osaima. Ndinalowa m'nyumba n'kulira, chifukwa ndinkadziwa chimene chikubwera.

Lamulungu ndinafika ku tchalitchi belu loyamba lisanalire. Nkhani inali itamveka midzi yonse, moti kunabwera ngakhale anthu amene amaonekera pamaliro pokha. Nyimbo yoyamba inatha atatuwo asanafike. Ili mkati yachiwiri, anthu a kumbuyo anayamba kutcheuka. Anali pakhomo. Mwini ng'ombe ankayenda motangadza miyendo chifukwa cha chishalo, ndipo tsiku lina bwenzi anthu ataseka. Palibe anaseka. Amuna anga anali pakati, atavala jekete lawo lakuda, batani lachiwiri lili m'bowo lachitatu, nkhope itatuwa. Amlembi anawagwira mkono kuti awakhazike pa benchi yakumbuyo. Iwo anausolola mkonowo.

Anati, ndi lilime lokokakoka lomwe lija, "Nilekeni. Aone."

Anayamba kuyenda m'kanjira ka pakati kulowera kutsogolo. Kwaya inasiya kuimba mmodzimmodzi. Ankaponya mwendo, n'kuima, thupi n'kupendekera kumanzere, n'kudziwongola okha. Anagunda benchi kawiri. Ndinadzuka kuti ndikawagwire, koma anandiyang'ana ndi diso limene ndimalidziwa, ndinakhalanso pansi. Kanjira kameneka ndi kakafupi, mwana amakadutsa ndi mpweya umodzi, koma tsiku limenelo sikankatha. Atafika pafupi ndi tebulo bondo linagwa pansi. Anagwira m'mphepete mwa benchi yoyamba, n'kudzikoka mpaka kuima, manja m'mbali, kuyang'ana abusa.

Amlembi anabwera pambuyo pawo n'kutembenukira anthu. Analibe pepala m'manja, chinthu chimene sindinachionepo. Ananena zonse, mbatata, madzi, chitseko chimene anakhoma yekha, makiyi amene anagona nawo m'thumba. Anati dzulo munthu uyu anatisiya pa zitunda, lero m'mawa walephera kunyamula kapu ya tiyi, ndipo kuyambira dzulo madzulo mpaka lero palibe chinalowa m'kamwa mwake chimene sichinatuluke m'khitchini mwanga. Anati bwalo linalakwa, ndipo iye analakwa koposa, poti ndi amene analemba. Anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa khadi.

Zikanathera pamenepo bwenzi ndili mkazi wolimba mtima amene anamenyera mwamuna wake nkhondo, ndipo amayi ena anayambadi kundiyang'ana choncho. Sindinathe kupirira. Ndinaima pamalo panga n'kunena kuti amlembi asasenze okha, nkhani ya mowa inayambira pakhonde panga, m'kamwa mwanga, ndipo ngati pa benchi yakumbuyo patsala malo, ndi anga. Mnzanga uja anaweramitsa mutu. Abusa anati khalani pansi amama, za lero zakwana. Mgonero unapitirira. Kapu itafika kwa amuna anga, dzanja linanjenjemera mpaka theka kutayikira pa buluku, koma anakana kumwetsedwa. Anamwa chotsalacho okha.

Kunyumba tinabwerera pa ngolo ya mwini ng'ombe uja. Ulendo umenewu anagona mwezi wathunthu, ndipo atadzuka mwendo wamanzere sunabwerere mwakale. Amayenda ndi ndodo tsopano. Njinga ili pakhoma m'chipinda chosungira mbewu, matayala ataphwa, ndipo sanaikwerenso. Ku Lusaka amaimba foni mwa apo ndi apo kufunsa mmene alili, dzina la matenda likadalibe. Achibale ena amati ndinawapundula ndine ndi pakamwa panga, kuti kunali bwino kungovomera bodza laling'ono munthu n'kusunga miyendo. Ndimawayankha kuti akafunse eni miyendo. Eni ake anasankha kale nyimbo zitatu za pamaliro awo, anapatsa woyang'anira kwaya, ndipo nthawi zina amakakhala pomwe akwaya akuyeserera n'kumawadzudzula kuti akuzikoka kwambiri.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkandidya. Ndinaulula pamaso pa mpingo wonse, iwo ali pomwepo, ndipo sananenepo kanthu, pa ngolo kapena kunyumba. Ndinkaganiza kuti mwina tsiku lija mutu unali wolemera, sanamve. Masana ena, atayamba kudzuka n'kumakhala pakhonde, ndinabwera ndi madzi osamba m'manja, n'kugwada, n'kuwauza zonse kuyambira pachiyambi: malaya, mtedza, mnzanga, mapemphero othokoza aja. Anamvetsera akusamba m'manja pang'onopang'ono.

Anati, "Nenze kudziwa, amama."

Ndinafunsa kuti anawauza ndani.

Anati, "Palibe. Mukanipatsa madzi munali kuwelama maningi, mphuno pafupi na kamwa yanga. Ndiye ine nenze kupuma mwamphamvu, kuti mumve bwino. Nenze kuganiza kuti tsiku lina muzakhulupilila mphuno yanu."

Beseni linali likadali m'manja mwanga. Ndinalephera kuliika pansi, ndinalepheranso kudzuka. Iwo anapukuta manja pa thaulo, n'kuwerama mpaka nkhope yawo kufika pa yanga, n'kupumira mpweya pamphuno panga, haa, ngati mwana wofuna kuonetsa kuti watsuka m'kamwa. Munkanunkha mtedza wokazinga umene ndinawapatsa ndekha m'mawa.